Mpeni wa kwa Scarpitti

Kwathu ku Tilden ukwati suyambira kutchalitchi. Umayambira kwa Scarpitti, pa tebulo la pakona, pafupi ndi zenera loyang'ana msewu wa ku koleji. Mnyamata akatsimikiza mtima amapita kwa bambo Carmine Scarpitti n'kupempha mpeni umene umalendewera pa msomali pamwamba pa uvuni. A Carmine amapukuta manja, amamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, ndipo akakhutira amamupatsa mpeniwo kuti azokote dzina lake ndi la mtsikanayo pa thabwa. Akapanda kukhutira amangoti, “Idya kaye pitsa yako, izizira,” ndipo mnyamata amadziwa kuti zake zada.

Lamulo lake ndi limodzi: munthu amazokota kamodzi pa moyo wake. Anapangana lamuloli ndi eni malo asanu ophika pitsa amene analipo m'tauni muno kale, aliyense ndi tebulo lake. Anayi anatseka. Kwa Scarpitti ndiko kunatsala kokha, ndipo nakonso Lamlungu linali tsiku lomaliza, chifukwa mayi Pruitt anali atagula nyumbayo kuti aigumule, amangepo zipinda zogona ana a koleji monga anachitira ndi ena mwa malo otsekawo.

Ndiye tangoganizani. Mwa anyamata onse a mu Tilden, Lorena, mwana yekhayo wa a Carmine, anakasankha Wendell, mwana wa mayi Pruitt omwewo. Zinayamba chaka chatha, Wendell atalowa n'kuitanitsa pitsa ya chinanazi. Lorena anamuuza kuti ngati akufuna zipatso apite kumsika. Mawa lake anabweranso, mkuja anabweranso, akuitanitsabe chinanazi chomwecho, mpaka onse awiri analeka kunamizira kuti nkhani ndi chinanazi.

*

Lolemba m'mawa Lorena anapeza bambo ake akukanda ufa, azakhali ake a Filomena ali pambali akudula anyezi, akugwetsa misozi imene ankaumirira kuti ndi ya anyezi. Anavala epuloni n'kuima poti onse awiri amuone. Anali ndi zaka 29, ndipo chibadwire anali asanaphunzire kuzungulira nkhani.

“Ababa, Wendell abwera Lamlungu kudzapempha mpeni.”

“Abwere,” anatero a Carmine osatukula mutu. “Pitsa idzakhalapo.”

“Sindikunena za pitsa.”

“Ine ndikunena za pitsa.”

A Filomena anakankhira anyezi pambali. “Mwana iwe, maso uli nawo koma? Tuluka panja apo uyang'ane. Kwa Dimo kuli chiyani lero? Poimika magalimoto. Kwa Zelinski, kuja ankaunjika soseji mpaka pitsa kupindika pakati? Zipinda za ana asukulu, makabudula atayanikidwa m'mazenera. Kwa Hubbard, kumene bambo akowa anakumana ndi malemu mayi ako akulimbirana mpando? Ngakhale njerwa imodzi sinatsale. Anameza zonsezo ndani? Si mayi wa chibwenzi chakocho?”

“Ndikukwatiwa ndi Wendell, Azakhali, osati ndi amayi ake.”

“Onse amatero. Kenaka pa Khirisimasi umapezeka wakhala nawo tebulo limodzi, ukuwapatsira mbatatesi uku ukumwetulira.”

“Wendell anasiya ntchito ku kampani ya amayi ake mu Januwale, chifukwa cha ine. Ndi angati mu Tilden muno angachite zimenezo?”

Manja a bambo ake anaima mu ufa. Anatukula mutu n'kumuyang'ana.

“Anakuuza yekha zimenezo?”

“Anandilonjeza yekha, ndi pakamwa pake.”

“Chabwino,” anatero a Carmine, n'kubwerera ku ufa wawo kukaukanda ngati wawalakwira.

Lorena sanamukonde chabwino ameneyo. Bambo ake ankawadziwa: akakwiya amakuwa mpaka mapoto kulira, mawa lake n'kuiwala. Kukhala chete kumeneku kunali kwachilendo, ndipo kunamupweteka kuposa kukuwa.

“Mpeni umenewo mwaupereka kwa zidakwa,” anatero. “Mwaupereka kwa tiana ta chaka choyamba tosadziwa n'kuchapa masokosi komwe. Mwana wanu yekha ndiye mumumane? Ndikufuna dzina langa likhale pansi pa la amayi malo ano asanatsekedwe. Ndipo likhalapo, Ababa, mufune musafune.”

A Carmine anawaza ufa pa thabwa n'kupitiriza kukanda.

*

Lachitatu foni ya Lorena inayamba kunjenjemera m'thumba osalekeza. Tili ndi tsamba lathu pa Fesibuku lotchedwa “Tilden Amene Tinkamudziwa”, kumene anthu amene anamaliza koleji kalekale amakalirira malo odyera amene anatseka, ngakhale kuti pamene malowo anali otsegula ankangodandaula kuti eni ake akuumira tchizi. Woyendetsa tsambalo ndi Kendra Voss, amene anali chibwenzi cha Wendell ali ku koleji, ndipo mpaka lero sanavomere kuti zinatha.

Tsiku limenelo Kendra anaika chithunzi cha thabwa la tebulo la kwa Dimo. Analigula tsiku limene malowo ankatseka n'kukalipachika pa khoma kwake. Pakati pa maina ambirimbiri panali awiri ozunguliridwa ndi mzere wofiira: WENDELL ndi KENDRA. Pansi pake analemba kuti, “Sabata ino tikukumbukira miyambo yathu. Munthu amazokota kamodzi. Ena akuoneka kuti aiwala.”

Ndemanga zinagwa ngati matalala. “Lamulo ndi lamulo,” analemba wina. Wina wa ku Arizona, amene sanapondemo mu Tilden zaka makumi awiri, anati akanakhala a Carmine akanamuthamangitsa mnyamatayo ndi thabwa lolowetsera pitsa mu uvuni. Panalinso ofunsa ngati kwa Scarpitti akupangabe buledi wa adyo uja.

Masana Kendra mwiniwake analowa, magalasi a dzuwa ali pamutu, n'kuitanitsa chidutswa cha pitsa ya bowa.

“Pepa, mnzanga,” anatero akutsamira kauntala. “Sindinadziwe kuti anthu azitenga chonchi. Ine ndimangosunga mbiri ya tauni.”

“Mbiri yake yomweyi yozunguliza ndi inki yofiira?”

“N'kuti okalamba aone bwino. Kodi sanakuuze? Wendell ndi choncho, amaiwala zambiri zoti anene. Tinakhala maola awiri pa tebulo lija, mpeni wa Dimo unali wobuntha. Anachita matuza m'manja, ine n'kumamuuzira kuti asamve kuwawa.”

“Ndiye wakhala zaka khumi ukugona pansi pa thabwa,” anatero Lorena akumuikira mbale. “Limakufunditsa nthawi yachisanu? Idya, Kendra. Bowa ndakuwonjezera, ukuoneka wawonda ndi nkhani za eni.”

Kendra anamwetulirabe, koma kumwetulira kwake kunauma. “Lamlungu ndidzakhalapo. Ndidzajambula zonse.”

“Udzafike msanga, upeze malo abwino.”

Kendra atatuluka, Lorena analowa m'kachipinda kosungira zitini za tomato n'kudzitsekera. Tisabise, nsanje inamugwira, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri si dzinalo koma matuza aja. Anatulutsa foni n'kulemba: “Kwa Dimo, 4 koloko. Usabwere ndi maluwa.”

Yankho linabwera nthawi yomweyo. “Ndikubwera. Lorena, ndinali ndi zaka 19.”

“Ndati 4 koloko.”

*

Kwa Dimo tsopano ndi phula lojambulidwa mizere yoyera, koma ife timatchulabe kwa Dimo, ndipo palibe amasochera. Wendell anamupeza Lorena ataima pamene panali khomo. Ndi mnyamata wamtali, wofatsa, injiniya wa zomangamanga, munthu woti akalakwa makutu amayamba kufiira pakamwa pasananene kanthu.

“Ndi zoona?” anafunsa Lorena.

“Ndi zoona. Ndinazokota. Ndinali chaka chachiwiri, ndinkadziona ngati ndadziwa zonse. Chaka chisanathe tinasiyana.”

“Lamulo unkalidziwa pamene unkandiuza kuti upempha mpeni?”

“Ndinkaganiza kuti poti kwa Dimo kunagwa…”

“Anagwetsa ndani?”

Makutu aja anafiira. “Amayi.”

“Ndiye amayi ako anagumula nyumba, iwe n'kuona ngati agumulira pamodzi ndi tchimo lako. Kwanu ndinu ochenjera.”

Wendell anapukusa mutu. “Lorena, tisiye za mpeni. Tipite kwa woweruza Lachisanu, tisaine, zithe. Thabwa ndi thabwa basi.”

“Pa thabwa limenelo pali dzina la amayi anga. Pali la mphunzitsi wako wa masamu, pali la amene amakumeta. Ine ndinaphunzirira kuwerenga pa tebulo lija, ndi chala, dzina ndi dzina. Sindithawira kwa woweruza ngati ndaba mwamuna wa mwini. Lamlungu ubwere, uvale shati ya kolala, upemphe mpeni pamaso pa anthu onse.”

“Adzandikana.”

“Adzakukana, inde. Iwe udzangoima pomwepo osathawa. Zinazo undisiyire.”

Wendell anamugwira manja onse awiri. Ankanunkhira adyo ndi ufa, ndipo iye ankawakonda choncho. “Pali china choti ndikuuze,” anatero motsitsa mawu. “Chakhala chikundisowetsa mtendere.”

“Mkazi wina?”

“Ayi.”

“Mwana kwinakwake?”

“Ayi, si zimenezo. Ndi za ntchito, za…”

“Ndiye chisunge. Sabata ino ndamva zokwanira, Wendell. Aliyense m'tauni muno ali ndi choti andiuze za iwe, mpaka wobweretsa tchizi. Ndatopa nazo. Umandikonda?”

“Ndimakukonda moti ndimachita mantha.”

“Basi. China chilichonse chidikire Lolemba.”

Mwamuna wolimba mtima akanaumirira. Koma Lorena anali atayamba kale kumupsompsona pakati pa magalimoto a eni, ndipo Wendell, monga amuna ambiri, anasankha kukhala chete poti zinthu zinali kukoma.

*

Loweruka lililonse m'mawa, asanatsegule, a Carmine amapaka mafuta tebulo la pakona. Lorena anawapeza atakhala pamenepo, kansanza kali m'manja, chala chili pa maina awiri akale amene anada ndi zaka: CARMINE ndi ADELINA.

“Dzulo kunabwera munthu wofuna kuligula,” anatero. “Ndinamuuza kuti silikakongoletsa khoma la munthu ngati la Dimo. Ndinalimangirira pansi ndi manja angawa, lidzagwa ndi nyumba.” Anapaka pang'ono. “Chithunzi chija wachiona. Ndiye nkhani yatha yokha. Si ine ndamukana, ndi lamulo.”

“Mukuoneka mwapepukidwa, Ababa.”

“Ndapepukidwa.”

“Lamulolo munapangana bwanji ndi a Dimo? Linali lalitali?”

“Lalitali la chiyani? Tinalibe maloya, tinali ndi vinyo. Amene wazokota wazokota, asadzabwerenso.”

“Nanga amene sanazokotepo?”

“Ameneyo nthawi yake ikadalipo. Bwanji?”

“Ndimangofunsa.”

A Carmine anapinda kansanza kaja kawiri. “Lorena, mwana wanga, pali anthu abwino amene sadziwa kukana amayi awo. Si oipa ayi. Koma si owatsamira.”

“Ngati mukudziwa chinachake, nenani. Ngati mulibe, musandiopseze.”

Dzanja lawo linapita pa thumba la pachifuwa la epuloni, pamene panatulukira nsonga ya pepala lopinda. Linakhala pamenepo kanthawi, kenaka linabwerera ku tebulo.

“Mawa ndi tsiku lathu lomaliza,” anatero. “Ndikufuna uzidzalikumbukira ukuseka.”

Lorena anawapsompsona padazi n'kupita kukayatsa uvuni. Ali komweko foni inalira. Anali Wendell: “Shati ndasita. Ndikadali ndi mantha.” Iye anayankha kuti, “Bwera nawo mantha akowo, malo alipo.”

*

Lamlungu mzere unayamba 9 koloko m'mawa, n'kukhota pakona mpaka kukafika pa sitolo ya mabuku. Anthu anachokera ku Chicago, ku Texas, ena ndi ana awo, ena ndi zidzukulu, aliyense akufuna kuloza dzina lake pa tebulo. Bambo wina wa mimba yake analira poyera atangoluma pitsa ya soseji. Ankakumbutsana za kwa Zelinski, za kwa Hubbard, za kwa Nico kumene mphaka ankagona pa makina osindikizira malisiti, ndipo aliyense ankalumbira kuti masiku amenewo pitsa inali yaikulu.

“Taonani,” anatero a Filomena akuthamanga ndi mbale. “Zaka zonsezi munali kuti? Mumatikonda tikamafa.”

Kendra anafikadi msanga. Anakhala pafupi ndi zenera, foni ili m'mwamba.

Itakwana 2 koloko Wendell analowa, shati yoyera, kolala itauma gwa. Phokoso linatsika lokha. Anthu anamupatukira mpaka anafika pa kauntala.

“Bambo Scarpitti, ndabwera kudzapempha mpeni.”

A Carmine anapukuta manja. Anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Kenaka anadula chidutswa cha pitsa, anachiika m'mbale, n'kumukankhira.

“Idya kaye pitsa yako, izizira.”

Wina kumbuyo anaseka. Makutu a Wendell anafiira ngati tomato wa m'chitini, koma sanasunthe. Apo Lorena anavula epuloni, anakoka mpando, anakwerapo, n'kuchotsa mpeni pa msomali.

“Lorena!” anakuwa a Filomena. “Tsika, ukutichititsa manyazi. Mkazi sanaugwirepo mpeni umenewo.”

“Ndiye lero muonere, Azakhali.” Anatembenukira kwa anthu akadali pa mpando pomwepo. “Wendell anazokota, tonse taona. Zikomo, Kendra. Koma ine sindinazokotepo. Ndakula ndikupukuta maina a anthu ena pa tebulo ili, Loweruka ndi Loweruka. Nthawi yanga ikadalipo, Ababa, munanena nokha dzulo. Alipo amene akufuna kudzandilanda?”

Kenaka mayi wina wa imvi, amene ankaphunzitsa pa koleji ife tili ana, anagogoda pansi ndi ndodo yake. “Zokota, mwana wanga. Ine ndinadikira wanga zaka zitatu kuti alimbe mtima. Ndikanadziwa ndikanakwera pa mpando.”

Nyumba yonse inaphulika ndi kuseka, ndipo anthu anamutsegulira njira ya ku tebulo.

Thabwa lija ndi louma, ndipo malo pansi pa dzina la a Adelina, amayi ake, anali ochepa. Lorena anawerama n'kuyamba. Dzina lake linamutengera nthawi, thukuta likutsikira m'maso. Atayamba la Wendell, mwiniwake anawerama pambali pake.

“Lorena, dikira,” ananong'ona. “Tandimvera kaye.”

“Gwira tebulo lisagwedere.”

Tebulo lomangiriridwa pansi siligwedera, koma Wendell analigwira. Mpeni unatsetsereka kamodzi n'kumucheka Lorena pa chala, iye anangoyamwa magaziwo n'kupitiriza. Anazokota mozama kuposa mwamuna aliyense amene anazokotapo pamenepo. Atamaliza anauzira tiziduswa ta thabwa, ndipo maina anaoneka oyera pakati pa akuda: LORENA ndi WENDELL.

Anthu anawomba m'manja, ena akuimba likhweru. A Filomena ankalira, anyezi panalibe. Lorena anasangalala monga sanasangalalepo chimwalirire amayi ake. Anatukula mutu kufunafuna bambo ake, atakonzeka kuti amukalipire. Anawapeza ataima kuseri kwa kauntala, nkhope itagwa, dzanja lili pa thumba lija.

“Zokongola,” anatero Kendra, foni ikadali m'mwamba. Sanakweze mawu, koma anamveka. “Bambo Scarpitti, poti tikusunga mbiri, bwanji osawaonetsa anthu dzina lina limene Wendell analemba? Lili ku ofesi ya tauni, aliyense atha kukaliwerenga. Inu pepala lanu munalandira mu Malichi.”

“Tuluka m'nyumba mwanga,” anatero a Carmine.

“Pepala lanji, Ababa?”

“Si lero, mwana wanga.”

Lorena anatambasula dzanja, chala chikadatuluka magazi. Sanalibweze. Bambo ake anaona kuti salibweza, ndipo anatulutsa pepalalo.

Chinali chilolezo chogumulira nyumba. Tsiku loyamba ntchito ankalidziwa kale, Lolemba, 7 koloko m'mawa. Chimene sankachidziwa chinali pansi, pa mzere wa injiniya woyang'anira ntchitoyo. Zilembozo ankazidziwa bwino, zinali zomwe zija za pa timakalata timene ankatipeza titapanikizidwa pa galasi la galimoto lake. Wendell Pruitt, 11 Malichi.

“Unati unasiya mu Januwale.”

“Ndinati ndisiya.” Mawu a Wendell ankatuluka movutikira. “Amayi ankafuna kugumula mu Malichi momwemo, kukuzizira, popanda wotsanzika. Ndinawauza kuti ndikhala, ndisaina, ngati angadikire mpaka ana asukulu atamaliza, kuti bambo ako atseke mwaulemu. Anthu onsewa abwera lero chifukwa cha dzina limenelo, Lorena. Ndinkafuna kukuuza kwa Dimo.”

“Unali ndi Malichi, Epulo ndi Meyi. Unakasankha tsiku limodzi lokha limene ndinatseka makutu.”

“Ndinkaopa kuti undisiya.”

“Ndiye unandilekerera ndikuyenda tauni yonse ndikukuchitira umboni. Ndinakangana ndi bambo anga chifukwa cha bodza lako.”

A Carmine anatuluka kuseri kwa kauntala. “Ndinkafuna ukwiyire ine ndi mpeni wanga,” anatero. “Zimenezo zikanapola. Ichi sindinkafuna uchiwerenge.”

A Filomena anayandikira n'kumunong'oneza, “Mpeni ukadali m'manja, mwanawe. Pala. Palibe angakudzudzule.”

Lorena anayang'ana dzina lija, loyera, lakuya, ndi kadontho ka magazi ake pambali. Mtima unamuwawa. Ankamukonda Wendell, ndipo panthawi imeneyo ankafunanso kumugenda ndi mbale. Anaona Kendra akusendera ndi foni, akudikira kujambula mpeni ukupala. Apo misozi imene inali itafika kale inabwerera.

“Sindipala,” anatero. “Ndazokota ndi dzanja langa, ndipo munthu amazokota kamodzi. Jambula bwino, Kendra. Lako lili pa khoma, langa lili pano.”

Foni inalira m'thumba la Wendell. Anaitulutsa, ndipo amene anali pafupi anaona mawu amene anawala pamenepo: Amayi.

“Yankha,” anatero Lorena. “Uwauze kuti mpongozi wawo akuwapatsa moni. Uwauzenso kuti mawa 7 koloko zimakina zawo zidzandipeza nditakhala pa tebulo lino, ndipo sindidzadzuka. Pepalali likuti wokweza dzanja kuti ayambe ndiwe. Ubwere, Wendell, ndi shati yomweyi. Walemba dzina lako pa pepala, ine ndalilemba pa thabwa. Ndikufuna ndione kuti mwa awiriwa lako lenileni ndi liti.”

Anakoka mpando n'kukhala, mpeni anauika patsogolo pake. Foni inkalirabe m'manja mwa Wendell, ndipo Tilden yense anali kuyang'ana chala chake.